Nyumba Zosungiramo Zakale ndi Mapanga a ku Katete

Munthu wa ku Katete, ku Sinda kapena ku Vubwi wofuna kuona zinthu za makolo zosungidwa m'magalasi ayenera kuyenda ulendo wautali. Nyumba yoyamba yosungiramo zakale m'dziko la Zambia inakhazikitsidwa ku Livingstone m'caka ca 1934, ndipo cinyumba cimene ciriko lero cinatsegulidwa mu 1951. M'menemo muli makalata a David Livingstone, zida za miyala, mbiya ndi ng'oma za mitundu yambiri. Ya ku Lusaka inadza mocedwa, mu 1996. M'cipinda cace capansi muli zojambula ndi zosema za amisiri a makono, ndipo m'mwamba muli mbiri ya dziko ndi ya nkhondo yomenyera ufulu wa 1964.

Koma mlendo wa kum'mawa poona zida za miyala zija asayese kuti mbiri yonse inacokera kutali. Kwao komweko kuli mapanga amene anthu anakhalamo kalekale. Phanga la Makwe, m'dera la Katete, linakumbidwa ndi David Phillipson, ndipo munapezeka zida zosemedwa zaka monga 6,000 zapitazo. Ku Kalemba, m'boma la Chadiza, kumene anakumbako mu 1971, kunaoneka kuti anthu anayamba kukhalako zaka zoposa 30,000 zapitazo. Bambo ameneyu analemba zonsezi m'buku lace la 1976.

Pa matanthwe a m'dera lino pali zithunzi za mitundu iwiri. Zofiira, za mizere ndi zozungulira, ndizo zakale koposa. Akatswiri amati anazijambula ndi Akafula, alenje amene Acewa anawapeza pofika m'dziko muno. Zoyera, monga zimene ziri ku Mkoma, zinapakidwa ndi zala, ndipo zambiri za izo ndi za Acewa eni ace: zina zifanizira zirombo za Nyau, zina zinali zolangizira anamwali pa cinamwali.

Zithunzi zotere sizinganyamulidwe kunka nazo ku mzinda. Ndiponso cigoba ca Nyau copacikidwa m'galasi sicibvina. Tanthauzo lace liri ndi akuluakulu a kudambwe, ndipo limaoneka poyera ku Mkaika m'mwezi wa August, pamene Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique adza kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, koma ulemu wolembedwa pa pepala sungalondere phanga.

Adani a mapanga amenewa sali kutali: utsi wa moto wa abusa, ndi anyamata olemba maina ao ndi makala pamwamba pa nchito ya makolo. Nyumba ya ku Lusaka iri ndi alonda ace; thanthwe la kumudzi mlonda wace ndi mwana wa pamudzipo amene waphunzira kufunika kwace. Cithunzi cikafafanizika, palibe mmisiri angacibwezerenso.