Mayina ndi manambala a ma image a Ubuntu

Image ya Ubuntu ndi fayilo imodzi imene muli operating system yoikidwiratu, moti woigwiritsa ntchito amangoiyatsa pa seva popanda kuyamba waika mapulogalamu. Kampani ya Canonical imatulutsa ma image amenewa kawirikawiri, ndipo iliyonse imakhala ndi zizindikiro zoisiyanitsa ndi inzake.

Nambala ya mtundu

Nambala ya Ubuntu imanena chaka ndi mwezi umene mtunduwo unatuluka. Woyamba, 4.10, unatuluka mu Okutobala 2004, ndipo 24.04 unatuluka mu Epulo 2024. Mtundu wa 6.06 uli ndi nambala yachilendo chifukwa unachedwa mpaka mu Juni 2006. Mtundu uliwonse ulinso ndi dzina la nyama, monga Noble Numbat la 24.04, ndipo mawu oyambawo, noble, ndi amene amaoneka m'mayina a mafayilo ambiri.

Serial

Nambala ya mtundu payokha siikwanira. Image ya 24.04 imakonzedwanso mobwerezabwereza pofuna kutseka mipata imene akuba angalowerepo, choncho ma image awiri olembedwa 24.04 angakhale ndi mapulogalamu osiyana. Chowasiyanitsa ndi serial, lomwe ndi tsiku limene image inakonzedwa, lolembedwa kuyambira chaka, mwezi, kenako tsiku. Ikakonzedwa kachiwiri tsiku lomwelo, kumapeto amawonjezako .1. Pa seva imene ikugwira kale ntchito, serial imapezeka mu fayilo ya /etc/cloud/build.info. Mayina amasonyezanso mtundu wa purosesa, monga amd64 kapena arm64.

Ku Amazon Web Services image iliyonse imapatsidwa nambala ina yoyamba ndi ami-. Nambalayi imagwira ntchito m'dera limodzi lokha: image yomweyo ku Cape Town ndi ku London imakhala ndi manambala osiyana, zimene zimasokoneza ambiri oyamba kumene.

Kutsimikizira fayilo

Dzina la fayilo aliyense angathe kulisintha. N'chifukwa chake Canonical imafalitsa fayilo ya SHA256SUMS, momwe image iliyonse ili ndi chidindo cha zilembo ndi manambala 64 chowerengetseredwa kuchokera m'kati mwa fayiloyo. Pakasintha kanthu ngakhale kakang'ono, chidindo chonse chimasintha. Mndandandawo umasainidwanso ndi kiyi ya GPG, poti wakuba amene walowa pa webusaiti angasinthe image pamodzi ndi chidindo chake. Mu Febuluwale 2016 akuba analowa pa webusaiti ya Linux Mint, yomwe imachokera ku Ubuntu, n'kulozera anthu ku fayilo ya mtundu wa 17.3 Cinnamon imene anaikamo pulogalamu yowatsegulira khomo lolowera m'makompyuta a eni ake.