Tizidutswa todumpha: m'cimanga ndi m'thupi mwanu

Mukamatonola cimanga ca makolo kuno ku Tsangano kapena ku Macanga, tayang'anitsitsani njere zake. Nthawi zina mupeza njere imodzi yoyera koma yokhala ndi timadontho tofiirira. Njere imodzi, mitundu iwiri. Zimatheka bwanji? Yankho lake likukhudzanso thupi lanu.

Buku la m'thupi

Thupi la munthu, ngakhalenso cimanga, linapangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono tochedwa maselo. M'kati mwa maselo muli DNA, imene m'Cipwitikizi amati ADN. Tingati DNA ndi buku la malangizo. Limauza thupi mmene likulire ndi mmene ligwirire nchito. Bukuli linalembedwa ndi zilembo zinayi zokha: A, C, G ndi T. Buku la munthu lili ndi zilembo pafupifupi mabiliyoni 3. Mwana amalandira buku kwa amayi ndi lina kwa abambo.

Mayi amene anaona kudumphako

Barbara McClintock anali wasayansi wa ku America. M'zaka za m'ma 1940 ankalima cimanga ndi kufufuza njere zamawangamawanga. Anapeza kuti tizidutswa tina ta DNA sitikhala malo amodzi. Kacidutswa kakagwera pakati pa malangizo a mtundu wa njere, mtunduwo umazima. Kakacokapo, mtundu umabwerera, ndiye pamaoneka kadontho. Anzake ambiri sanamumvetse msanga. Mphoto ya Nobel anailandira mu 1983.

Mmene timafalikira mwa munthu

Mu 2001 asayansi anafalitsa zimene anawerenga m'buku la munthu. Anapeza kuti pafupifupi theka la bukuli linacokera ku tizidutswa totere.

Ta m'thupi mwathu sitizuka pamalo pake ayi. Timadzikopera. Zili ngati mwakopera mawu a patsamba loyamba n'kuwalembanso patsamba lina. Oyamba aja alipobe, koma tsopano alipo kawiri. Zikacitika m'dzira la mayi kapena mu mbewu ya bambo, mwana amabadwa nako kacidutswa katsopanoko, nayenso n'kudzapatsira ana ake.

Mitundu iwiri ndiyo yacuruka. Wina ndi LINE-1, umene uli m'malo pafupifupi 500,000. Wina ndi Alu, wamfupi, wa zilembo pafupifupi 300, koma uli m'malo oposa miliyoni imodzi. Alu sungathe kudzikopera wokha. Umabwereka zida za LINE-1, monga munthu wopanda khasu amabwereka kwa mnansi.

Pakapita mibadwo yambiri, zilembo zina zimalakwika ndipo kacidutswa kamatha mphamvu. Mwa LINE-1 yense uja, totha kudumphabe ndi pafupifupi 100 tokha. Thupi nalonso lili ndi njira zotitsekera kuti tikhale cete.

Kuipa ndi ubwino wake

Kawirikawiri kacidutswa kamagwera pamalo popanda vuto. Koma kakagwera pakati pa malangizo ofunika, kamawasokoneza, monga mawu acilendo olowa pakati pa ciganizo. Mu 1988 dokotala Haig Kazazian anapeza zimenezi mwa odwala awiri a hemofiliya, matenda amene magazi sagwirana msanga munthu akavulala. LINE-1 anali atalowa m'malangizo othandiza magazi kugwirana. Zotere zimacitika zokha m'maselo. Si kulakwa kwa kholo lililonse.

Ubwino uliponso. Kacidutswa kena kanacokera ku kacirombo ka vairasi kamene kanalowa m'buku la makolo athu kalekale. Lero maselo a mwana wosabadwa amakagwiritsa nchito popanga nsengwa, imene imadyetsa mwanayo m'mimba.

Cimanga ndi tirigu zimatiposa. M'mbewu zimenezi, magawo oposa 8 mwa 10 a DNA ndi tizidutswa todumpha. Mukadzapeza njere yamadontho potonola caka cino, muitane ana muwaonetse, muwauze zimene mwawerengazi.