Njira ya ku Likoma imayambira ku Monkey Bay

Amene anakwerapo Ilala pa doko la Monkey Bay saiwala fungo la dizilo losakanikirana ndi la usipa wouma. Pansi, pomwe pamakhala anthu wamba, matumba a chimanga, malata ndi madengu a tomato zimapanikizana ndi eni ake, mayi atayala chitenje pa katundu wake kuti mwana agone. Kwa zaka zambiri sitimayi yakhala ikunyamuka Lachisanu, n'kukaima ku Nkhotakota, kenaka n'kudula nyanja kulowera ku Likoma, chilumba cha Malawi chozunguliridwa ndi madzi a Mozambique.

Dzina la Ilala ndi lakale kuposa sitima tikuionayi. Ilala yoyamba inali kasitima koyendera nthunzi komwe amishoni otsogozedwa ndi E.D. Young ndi Robert Laws anabwera nako mu 1875, ndipo anakatcha dzina la dera la ku Zambia kumene David Livingstone anamwalirira mu 1873. Pa mathithi a Shire anakaphwasula, amtengatenga mazanamazana n'kusenza zidutswazo pamutu ndi pamapewa kufikira pamene madzi amayenda mwabata. Mayina a anthu amenewo sitiwamva akutchulidwa, chonsecho popanda makosi awo sitimayo sikanaiona nyanja. Mu Okutobala 1875 inakocheza ku Cape Maclear, kwa a Chembe. Malungo anawathamangitsa amishoniwo, ndipo mu 1881 anasamukira ku Bandawe, n'kusiya manda omwe alipo mpaka lero.

Anzawo a Anglican, a UMCA, anasankha Likoma cha m'ma 1885. Pamalo otchedwa Chipyela, pomwe kale ankatenthera anthu owaganizira ufiti, anayamba kumanga tchalitchi chachikulu cha St Peter mu 1903. Mlendo akatsika pagombe n'kudutsa pakati pa milambe, amangoti kakasi kuona chinyumba chotere pa chilumba choti munthu atha kuchidutsa wapansi tsiku limodzi. Nyanja inawalipiritsa amishoniwa: bishopu Chauncy Maples anamira mu 1895, ndipo sitima yotchedwa dzina lake inayamba kuyenda mu 1901.

Koma tsoka lomwe akuluakulu a kunyanja amalitchulabe motsitsa mawu ndi la Vipya. Sitimayi inagubuduzika ndi namondwe pa 30 Julayi 1946 kufupi ndi Chilumba, ndipo anthu 145 anathera m'madzi. Ilala ya lero inabwera m'mbuyo mwa maliro amenewo. Kampani ya Yarrow inaipanga ku Scotland mu 1949, zidutswa zake zinadzera ku Beira, n'kulumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo mu 1951 inayamba ntchito.

Zaka zoposa 70 zapitapo, ikadali pamadzi. Kwa mlendo wochokera ku Ulaya, ulendo wa pa Ilala ndi wokasangalala: amakhala pamwamba, kamera ili m'manja, kudikira dzuwa lituluke kumapiri a Mozambique. Kwa munthu wa ku Likoma kapena ku Chizumulu, sitimayi ndi msewu. Ufa, simenti, mwana wopita kusekondale, wodwala wotumizidwa kuchipatala chachikulu, zonse zakhala zikudzera momwemo. Ikagona ku Monkey Bay kukonzedwa, mitengo ya zinthu pachilumba imakwera, ndipo anthu amaika moyo pachiswe m'maboti ang'onoang'ono nthawi ya mwera. Ichi n'chimene chimandipweteka tikamaitchula ngati chokopa alendo chabe.

Kwa zaka zambiri Ilala ikafika ku Likoma inkaima patali ndi gombe. Maboti ankabwera kudzatenga anthu, nthawi zina usiku, tochi zikuwala pamadzi. Munkatsika makwerero katundu ali kumutu, n'kupatsira mwana wanu kwa munthu amene simunamuonepo, iye n'kumulandira ndi manja awiri. Pafupi ndi mchenga munkapinda thalauzi, n'kumalizitsa ulendo woyambira ku Monkey Bay madzi ali m'mawondo.