Nyengo yoyendera minda ya tiyi ku Thyolo

Nyengo yabwino yoyendera minda ya tiyi m'boma la Thyolo, kuphatikizapo dera la Mfumu Yaikulu Mphuka, ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Nthawi imeneyi mvula imakhala italeka, misewu yadothi itauma, koma minda ikadali yobiriwira. Mu Juni ndi Julayi kumazizira, ndipo masiku ena kumagwa chiperoni, mvula yowaza yobwera ndi nkhungu.

Ntchito yothyola tiyi m'maesiteti monga Satemwa, yomwe inakhazikitsidwa mu 1923, imafika pachimake kuyambira Disembala mpaka Epulo. Komabe, imeneyi ndi nyengo ya dzinja, pamene misewu ya m'mapiri imaterera ndipo madzi osefukira amatha kukokolola milatho, monga zinachitikira kum'mwera kwa Malawi ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023.