Kuthyoka kwa Fupa la M'chiuno mwa Okalamba

Kuthyoka kwa fupa la m'chiuno ndi kuthyoka kwa mbali yakumtunda ya fupa la ntchafu, pafupi ndi pomwe limalumikizana ndi chiuno. Ngoziyi imagwera makamaka anthu azaka 65 kupita m'tsogolo, ndipo mwa anayi alionse othyoka, pafupifupi atatu amakhala amayi. Nthawi zambiri sipakhala galimoto kapena kugwa mumtengo ayi. Munthu amangoterereka kubafa, kupunthwa pakhomo usiku popita kuchimbudzi, kapena kuchita chizungulire podzuka pampando, n'kugwera cham'mbali. Wachinyamata akagwa chonchi amadzuka n'kudzisasa fumbi, koma wokalamba amakhala pomwepo mpaka anthu adzamunyamule. Akatswiri awiri, Olof Johnell ndi John Kanis, anawerengera kuti m'chaka cha 2000 anthu pafupifupi 1.6 miliyoni anathyoka fupali padziko lonse, ndipo chiwerengerochi chikukwerabe chifukwa anthu ofika paukalamba akuchuluka.

Chimathyoka n'chiyani

Fupa la ntchafu lili ndi mutu wobulungira womwe umalowa m'chiuno, ndi khosi lopyapyala lolumikiza mutuwo ku fupa lonse. Likathyokera pakhosipo, mitsempha yopititsa magazi kumutu kuja imatha kuduka, ndipo mutuwo umafa. Likathyokera m'munsi pang'ono, pomwe fupa limatakata, magazi amayendabe ndipo fupa limatha kulumikizika, ngakhale munthu amataya magazi ambiri m'kati. Wovulala amamva ululu m'mphechepeche kapena m'ntchafu, mwendo umaoneka wofupika, ndipo phazi limagonera kunja. Pali ena omwe fupa limangong'aluka osasuntha, n'kumayenda motsimphina masiku angapo abale akuti ndi nyamakazi chabe.

Gwero lake lalikulu ndi matenda otchedwa osteoporosis, omwe amadya fupa m'kati mwakachetechete, ngati nsanamira yooneka yabwinobwino kunja pomwe chiswe chinaimaliza kale. Amayi amakhudzidwa kwambiri akasiya msambo. Kusuta fodya, mowa wambiri, kusowa kwa calcium ndi vitamini D m'thupi, ndiponso kumwa mankhwala a gulu la steroid kwa nthawi yaitali zimawonjezera vutoli. Kachilombo ka HIV ndi mankhwala ena otalikitsa moyo, monga tenofovir wa mtundu wa TDF, nazonso zimachepetsa kulimba kwa mafupa.

Kufooka kwa ukalamba

Agogo awiri azaka 80 atha kuthyoka malo amodzi, n'kuchitidwa opaleshoni imodzimodzi, wina n'kubwerera kudimba, winayo osadzukanso pamphasa. Chimawasiyanitsa kwambiri ndi mphamvu zomwe thupi linali nazo asanagwe. Madotolo amati munthu ali ndi frailty pamene mphamvu zosungira za thupi zatha m'ziwalo zambiri nthawi imodzi, moti kanthu kakang'ono, monga chifuwa, kutsegula m'mimba kapena kusintha mankhwala, kamamugwetsa kotheratu. Kumeneku si kuchuluka kwa zaka chabe. Alipo azaka 90 olimba, ndipo alipo azaka 68 otheratu.

M'chaka cha 2001, Linda Fried ndi anzake ku America, atafufuza anthu opitirira 5,000 azaka 65 kupita m'tsogolo, anatchula zizindikiro zisanu: kuonda popanda kufuna, pafupifupi makilogalamu 4.5 pachaka, kutopa kosatha, kufooka kwa dzanja pogwira chinthu, kuyenda pang'onopang'ono, ndi kusachita ntchito zolimbitsa thupi. Wokhala ndi zitatu kapena kuposa ndiye wofooka, wokhala ndi chimodzi kapena ziwiri ali panjira. Ku Canada, Kenneth Rockwood wa pa yunivesite ya Dalhousie anatulutsa mu 2005 muyeso wina wosavuta wotchedwa Clinical Frailty Scale, womwe lero uli ndi magawo 9, kuyambira munthu wathanzi kwambiri mpaka amene ali kumapeto kwa moyo. Muyeso umenewu sufuna makina. Dotolo kapena namwino amangofunsa abale kuti masabata awiri asanagwe, agogowo ankasamba okha, ankaphika, ankatuluka panja? Abale ndiwo amadziwa mayankho, ndipo n'chifukwa chake wodikirira wodwala sayenera kuthamangitsidwa pamene madotolo akuzungulira m'wodi.

Kufookaku kumagwira mbali zonse ziwiri. Ndiko kumachititsa kuti munthu agwe, ndiponso ndiko kumamulepheretsa kuchira akagwa. Kenaka kugona pabedi kumakukulitsa. Kafukufuku wina wa mu 2007 anapeza kuti okalamba athanzi omwe anagonekedwa masiku 10 okha anataya pafupifupi kilogalamu imodzi ya minofu ya m'miyendo. Ngati athanzi amatha chotere, nanga wofooka kale?

Zotsatira zake

Ngakhale m'maiko okhala ndi zipatala zabwino, mwa anthu 100 othyoka fupali, pakati pa 20 ndi 30 amamwalira chaka chisanathe, ndipo pafupifupi theka la otsalawo sayendanso monga kale. Chimapha si fupalo kwenikweni koma zobwera pambuyo pake: chibayo, magazi kuundana m'mitsempha ya m'miyendo n'kupita m'mapapo, zilonda za kumsana ndi kuzidendene zobwera chifukwa chogonera mbali imodzi, ndi matenda a m'chikhodzodzo.

Vuto lina lofala ndi kusokonezeka mutu mwadzidzidzi, komwe madotolo amati delirium. Mayi yemwe dzulo ankacheza bwino amayamba kubwebweta usiku, kuzula dripu, kuitana anthu omwe anamwalira kalekale, kapena kungoti zii osafuna kudya. Zimayamba ndi ululu, kuchepa kwa madzi m'thupi, kudzimbidwa, matenda kapena mankhwala ena, ndipo zikapezeka msanga zimachizika. M'madera momwe okalamba amanamiziridwa ufiti, monga zimachitikira m'midzi ina ya Malawi, zolankhula za wodwala wotere zimatha kutengedwa ngati kuulula. Umenewo ndi mlandu womwe sayenera kuusenza: akudwala, ndipo akufunika madzi, mankhwala a ululu, kuwala masana ndi nkhope za abale zomwe akuzidziwa.

Moyo pambuyo pake

Kulumikizika kwa fupa pa X-ray sikutanthauza kuti munthu wachira. Chimene okalamba ambiri amadandaula nacho ndi kusiya kudzidalira: kusambitsidwa ndi mpongozi, kuitana mdzukulu pofuna kukadzithandiza, kulephera kupita kutchalitchi, kumzikiti kapena kumaliro a mnansi. Ambiri amagwidwa ndi mantha ogwanso, amaleka kuyenda, ndipo kulekako kumawafooketsa mpaka kugwadi. Mu 2000, Glenn Salkeld ndi anzake ku Australia anafunsa amayi azaka 75 kupita m'tsogolo, ndipo 80 mwa 100 alionse anati bola imfa kusiyana ndi kuthyoka koipa kowachotsa pakhomo pawo n'kukawasiya kunyumba yosungirako okalamba.

Poyeza umoyo wotere, ofufuza amagwiritsa ntchito kwambiri mafunso otchedwa EQ-5D, omwe amafunsa za kuyenda, kudzisamalira, ntchito za tsiku ndi tsiku, ululu, ndi nkhawa kapena kukhumudwa. Mafunsowa alipo m'Chichewa, ndipo mu 2017 Linda Chokotho ndi anzake anasindikiza mu Malawi Medical Journal zotsatira zowayesa pa anthu ovulala mafupa. Kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana amasonyeza chinthu chimodzi: umoyo umatsika kwambiri munthu akangothyoka, umakwera ndithu m'miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi yoyambirira, kenaka umaima, nthawi zambiri usanafike pomwe unali. Ofooka kale ndi odwala matenda oiwalaiwala ndiwo amatsala m'munsi kwambiri.

Chithandizo

Cholinga cha opaleshoni ndi kuthetsa ululu ndi kumuimiritsa munthu msanga. Khosi la fupa likathyoka n'kusuntha, amachotsa mutuwo n'kuikapo wachitsulo, nthawi zina n'kusinthanso mbali ya chiuno yomwe mutuwo umalowamo. Kuthyoka kwa m'munsi amakumanga ndi chitsulo chokhomera pafupa kapena cholowetsa m'kati mwake. Malangizo a bungwe la NICE a mu 2011 ku England amati opaleshoni ichitike tsiku lomwe wodwala wafika kapena mawa lake, ndipo tsiku lotsatira ayambe kudzutsidwa ndi a mafizo. Nzeru yoti dotolo wa mafupa azigwira ntchito limodzi ndi dotolo wa okalamba inakula m'tauni ya Hastings, ku England komweko, kudzera mwa Michael Devas ndi Bobby Irvine cha m'ma 1950 ndi 1960, ndipo kuyambira 2007 dziko la Britain lili ndi kaundula wapadera wotsatira chisamaliro cha othyoka fupali m'zipatala.

Kumwera kwa Sahara zinthu n'zosiyana. Ku Malawi madotolo a opaleshoni ya mafupa ndi ochepa ndipo ambiri ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe. M'zipatala za maboma ntchitoyi ili m'manja mwa makiliniko ofesa a mafupa. Odwala ambiri amathandizidwa pokoka mwendo ndi cholemera chomangirira kumapazi kwa bedi kwa masabata angapo, ndipo ena amafika mochedwa atayamba kwa asing'anga kapena atasowa thiransipoti. Pamenepo moyo wa wodwala umadalira kwambiri gadiyani. Iyeyo ndiye amamutembenuza maola awiri kapena atatu alionse, kuyang'ana zidendene ndi kumsana ngati khungu layamba kusintha, kumukhazika tsonga podya kuti asatsamwe, ndi kuonetsetsa kuti phala lili ndi nsinjiro, dzira kapena mkaka, chifukwa phala lamadzi lokha silimanga minofu.

Kupewa kuthyoka kwachiwiri

Wothyoka kamodzi ali pachiopsezo chachikulu chothyokanso, makamaka m'zaka ziwiri zoyambirira. Pakhomo pamafunika nyali usiku, njira yosalala yopita kuchimbudzi, mtengo wogwirira m'chimbudzimo ndi kubafa, mpando wokwera m'malo mwa mphasa, ndi ndodo yofika pamkono. Ng'ala ya m'maso ichotsedwe, ndipo mankhwala ogonetsa ndi a BP aunikidwenso ngati akubweretsa chizungulire. Usipa, matemba ndi bonya, zomwe zimadyedwa ndi minga yomwe, zimapereka calcium. Mankhwala olimbitsa mafupa alipo, monga alendronate womwa kamodzi pasabata ndi zoledronate wa dripu kamodzi pachaka. Pakafukufuku wamkulu wa mu 2007 wa anthu omwe anali atangochitidwa opaleshoni ya chiuno, zoledronate anachepetsa kuthyoka kwatsopano ndi 35 peresenti, ndipo imfa ndi 28 peresenti.