Tizilumba ta m'Kapamba ndi Kudekha kwa Dokotala Lacy

M'maparishi athu muli abale amene tsiku lawo limayamba ndi jakisoni. Ena ndi makolo, ena ndi ana otumikira pa Misa. Matenda a shuga, makamaka mtundu uja woyamba paubwana, salola munthu kuiŵala ngakhale tsiku limodzi. Tsono nkoyenera kuti tikumbukire munthu wina amene anathera moyo wake pofunafuna njira yowamasula ku singanoyo.

Nkhaniyi inayamba m'chaka cha 1869, pamene Paul Langerhans, wophunzira zaudokotala ku Berlin, anaona timagulu ta maselo tomwazikana m'kapamba ngati tizilumba pa nyanja. Iye sanadziŵe ntchito yake. Pambuyo pake kunadziŵika kuti tizilumbati, timene timakwana pafupifupi miliyoni imodzi mwa munthu, ndito timapanga insulini yochepetsa shuga m'magazi. Tikaonongeka, matenda amayamba. Mu 1921 Banting ndi Best anapeza insulini ku Toronto, ndipo mu 1922 mnyamata woyamba analandira mankhwalawa napulumuka. Komatu jakisoni amangothandiza, sachiza, pakuti sangayese shuga mphindi iliyonse monga momwe Mlengi anakonzera tizilumba tija.

Apa ndipo pakuloŵa Dokotala Paul Lacy wa pa Washington University, mumzinda wa St. Louis ku Amereka. Funso lake linali lapafupi: kodi sitingatenge tizilumba tokha, tamoyo, ndi kutiika mwa wodwala? Kuyankha kwake ndiko kunali kovuta, chifukwa tizilumbati ndi tanthete, tokwiririka mumnofu wa kapamba. Mu 1967 Lacy ndi mnzake Kostianovsky anaonetsa njira yosungunulira mnofuwo ndi mankhwala otchedwa collagenase, tizilumba nkutsala tamoyo. Mu 1972, pamodzi ndi Walter Ballinger, anatiika mwa makoswe odwala shuga, ndipo matenda anachepa. Chaka chotsatira gulu lake linapeza kuti tikathiridwa mumtsempha wopita ku chiŵindi, timakhazikika komweko ndi kugwira ntchito bwino.

Munthu si khoswe ai. Kapamba wa munthu ndi wamkulu ndi wolimba, ndipo zaka zambiri zinapita popanda chipambano. Kuona maso a nkhono nkudekha. Mu 1988 Camillo Ricordi, mnyamata wa ku Italy amene ankagwira ntchito ndi Lacy, anakonza chida chotulutsira tizilumba tochuluka m'kapamba wa munthu. Mu 1990 gulu la ku St. Louis linalengeza za wodwala amene analeka jakisoni, koma kwa masabata ochepa chabe, pakuti thupi limakana chilichonse chimene limachiyesa chachilendo.

Mu 2000 Dokotala James Shapiro ndi anzake ku Edmonton, m'dziko la Canada, anasintha mankhwala oletsa thupi kukana tizilumba, napatsa wodwala aliyense tizilumba tochokera kwa anthu aŵiri kapena oposerapo. Odwala onse 7 analeka jakisoni. Tisabise choona: patapita zaka 5, pa odwala ochizidwa motere, pafupifupi mmodzi yekha mwa 10 ndiye anali asanabwerere ku insulini. Komabe ambiri anapulumuka ku kukomoka koopsa kumene kumadza shuga akatsika mwadzidzidzi. Lacy anamwalira mu 2005, ndipo mu 2023 boma la Amereka linavomereza chithandizo cha mtunduwu kwa odwala ena.

Kodi ife Akhristu tiphunzirapo chiyani? Choyamba, Lacy anafesa podziŵa kuti okolola adzakhala ena, ndipo anaphunzitsa achinyamata mosabisa nzeru zake. Chachiŵiri, tizilumbati timachokera kwa anthu omwalira, amene iwo eni kapena mabanja awo, ali pakati pa maliro, analola kuti mlendo apindule. Papa Yohane Paulo Wachiŵiri, polankhula kwa madokotala ku Roma mu 2000, anayamika kupereka ziŵalo motere monga ntchito ya chikondi chenicheni, malinga kuchitike mwaufulu ndi mopanda malonda.

Chithandizochi chikupezeka m'zipatala zochepa pa dziko lonse, ndipo ambiri a ife sitidzachiona. Koma wodwala shuga wa m'Mphakati wathu tili naye pafupi. Timuyendere, timuperekeze ku chipatala tsiku lokatenga mankhwala, ndipo pa Misa titchule ofufuza, opereka ziŵalo ndi mabanja awo.