Sapitwa, Nsonga Imene Makolo Analetsa

Nsonga yaitali kuposa zonse m'Malawi ili pa phiri la Mulanje, pa mamita 3,002, ndipo dzina lake ndi lamulo. Sapitwa ndiye kuti kumeneko munthu sapitako.

Analetseranji? Akuluakulu a m'midzi ya m'tsinde mwa phirili amati kumtundako kuli eni ake. Ena amati ndi mizimu ya makolo, ena amatchula Abatwa kapena Akafula, alenje aafupi amene ankakhala m'mapanga Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe asanafike. Ndi aja ankafunsa mlendo kuti "mwandionera pati?", ndipo woyankha kuti "pompano" ankaona zakuda. Akatswiri amati zojambula zofiira za pamiyala ya ku Chongoni, ku Dedza, ndi ntchito ya anthu omwewa. Ku Mulanje amakumbukiridwa kwambiri ndi miyambo ya m'phiri: ukapeza chakudya chophikaphika pamwala, idya wekha osaitana mnzako, apo ayi kwanu sukafika.

Ngakhale wosakhulupirira mizimu, akalawa chiperoni cha kumtundako amavomereza kuti makolo sanatchule dzinali mwamasewera. Nkhungu imagwa mwadzidzidzi, munthu osaonanso mnzake amene ali patsogolo, thanthwe n'kuyamba kuterera, kuzizira n'kulowa m'mafupa. Njira yochokera ku kanyumba ka alendo ka Chisepo ndi yokwera ndi manja omwe, pena kukwawa pansi pa miyala ikuluikulu. Mu 2003 mayi wina wa ku Netherlands anakwera yekha ndipo sanapezekenso. Mu 2009 Gabriel Buchmann wa ku Brazil anasiya womutsogolera n'kupitiriza yekha. Mtembo wake unapezeka patatha masabata oposa awiri. Nkhani yake inapangidwa filimu mu 2017.

Komabe lero ku Sapitwa anthu amapitako, ndipo n'zoseketsa kuti dzina loletsalo ndi lomwe limakoka alendo. Anyamata otsogolera ndi onyamula katundu a ku Likhubula, m'tsinde mwa phirili, amapezerapo chakudya cha mabanja awo, makamaka m'miyezi yopanda mvula. Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, potengera zikhulupiriro ndi miyambo ya Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe, amene amalilemekeza ngati mudzi wa mizimu.